Ana 20 oyezedwa kanayi akadali ana 20

Akonzi,

Ndiloleni nditengeko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndifotokoze nkhani imene ambiri angaiyese ya m'kalasi basi, chonsecho imakhudza mmene tonsefe timamvera zotsatira za kafukufuku wa zaumoyo, zaulimi ndi zamaphunziro. Kawirikawiri timawerenga kuti ofufuza anayeza anthu asanayambe kulandira thandizo, anawayezanso patapita mwezi, kenaka kachitatu, ndipo anapeza kuti zinthu zasintha. Njira ya masamu imene ophunzira ambiri a m'mayunivesite amagwiritsa ntchito posanthula manambala otere imatchedwa repeated measures ANOVA. Monga mphunzitsi amene ndimawerenga malipoti a ophunzira omaliza maphunziro awo, ndaona kuti ambiri amadziwa podina pa kompyuta koma sadziwa chimene kompyutayo ikuchita. Mfundo yanga ndi yakuti munthu mmodzi akayezedwa kangapo, miyeso yakeyo imakhala pachibale, ndipo wosanthula akaiwala chibale chimenechi akhoza kubisa kusintha kumene kulipodi, kapenanso kulengeza kusintha kumene kulibe.

Miyeso yobwerezabwereza si yachilendo kwa ife. Mayi aliyense amene anapitako kusikelo amaidziwa. Mlangizi wa zaumoyo amapachika sikelo pamtengo kapena pamtanda wa khonde, mwana amalowetsedwa mu kabudula wansalu uja n'kulendewera akulira, muvi ukaleka kugwedezeka mlangizi amaika kadontho m'buku la mwanayo, ndipo mwezi wamawa amadzaika kadontho kena patsogolo pake. Mayi safunsa ngati mwana wake waposa wa mnzake amene ali naye pamzere, chifukwa amadziwa kuti ana ena anabadwa aakulu ndipo ena ndi a matupi aang'ono. Chimene iye amayang'ana ndi chakuti kadontho ka lero kali pamwamba pa ka mwezi watha kapena ayi. Nzeru yonse ya njira imene ndikukambayi yagona pamenepo: mwana aliyense ayerekezedwe ndi iye mwini. Zimenezi ndi zimenenso zimachitika kumalo ofufuzira zaulimi monga ku Chitedze, ku Bvumbwe kapena ku Makoka pamene akuyeza msinkhu wa chimanga cha m'kadimba komweko pakapita masabata angapo, kapena pamene akulemba mkaka wa ng'ombe yomweyo tsiku ndi tsiku.

Mbiri yake ndi yaifupi. M'chaka cha 1908, William Gosset, yemwe ankagwira ntchito pa kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin ndipo ankalemba pogwiritsa ntchito dzina lakuti Student, anasanthula manambala a odwala 10 amene aliyense anapatsidwa mankhwala awiri ogonetsa pa nthawi zosiyana. Iye anawerengera kusiyana kwa maola ogona pa wodwala aliyense payekha, ndipo m'menemo ndi mmene munachokera njira yoyerekezera miyeso iwiri ya anthu omwewo, ija timati paired t-test. Ronald Fisher atafika kumalo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England mu 1919 anapeza zolembedwa za zokolola za zaka zambirimbiri, ndipo pofuna kuzimvetsa anakonza ANOVA, njira yogawa kusiyanasiyana konse kwa manambala m'magawo, gawo lililonse ndi gwero lake. Repeated measures ANOVA ndi maganizo a anthu awiriwa ataphatikizidwa, kuti atumikire pamene miyeso yafika itatu kapena kuposerapo.

Kuti nkhani isakhale ya m'mwamba, ndipereka chitsanzo cha manambala amene ndawapeka ndekha, aang'ono mokwanira kuti wowerenga awayese ndi pensulo. Tinene kuti odwala anayi a matenda othamanga magazi ayezedwa BP katatu: asanayambe mankhwala, patapita mwezi umodzi, ndi patapita miyezi iwiri. Nambala yam'mwamba ya woyamba ndi 180, 174 ndi 168. Ya wachiwiri ndi 160, 156 ndi 149. Ya wachitatu ndi 150, 143 ndi 139, ndipo ya wachinayi ndi 170, 163 ndi 156. Avareji ya ulendo woyamba ndi 165, ya wachiwiri ndi 159, ya wachitatu ndi 153, ndipo avareji ya manambala onse 12 ndi 159. Aliyense amene ali ndi maso akuona kuti wodwala aliyense BP yake ikutsika, ndipo ikutsika pafupifupi mofanana.

Tsopano tiyeze kumwazikana kwa manambalawa monga mmene Fisher anaphunzitsira. Timatenga kusiyana kwa nambala iliyonse ndi avareji, n'kukuchulukitsa ndi iko komwe, kenaka n'kuphatikiza zonse. Tikatero pa manambala onse timapeza 1740. Mwa 1740 ameneyu, 288 akuchokera ku kusiyana kwa maulendo atatu aja, 1446 akuchokera ku kusiyana kwa anthu anayiwo, pakuti wina BP yake imakhala cha m'ma 174 pamene wina ili cha m'ma 144, ndipo otsala, amene sitingawafotokoze ndi nthawi kapena ndi munthu, ndi 6 okha. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Wophunzira akagwiritsa ntchito ANOVA wamba, ija yopangidwira magulu a anthu osiyana, kompyuta imaganiza kuti pali anthu 12 m'magulu atatu. Imatenga 1446 ndi 6 n'kuziika pamodzi ngati phokoso losadziwika gwero, 1452, n'kugawa ndi 9, kupeza pafupifupi 161. Kumbali inayi imagawa 288 ndi 2, kupeza 144. Manambala ogawira ngati awa, 9 ndi 2, amatchedwa ma degrees of freedom, ndipo amasonyeza kuchuluka kwa umboni woima pawokha umene uli m'gawo lililonse. Nambala ya F, yomwe ndi 144 kugawa ndi 161, imatuluka 0.89, pamene imayenera kuposa 4.26 kuti tinene kuti kusinthako si kwa mwangozi pa mulingo wa 0.05, kutanthauza kuvomera kulakwitsa kasanu pa 100. Wophunzirayo amalemba kuti palibe chasintha, chikhalirecho odwala onse anayi atsika ndi 11 kapena kuposerapo.

Repeated measures ANOVA imayamba yachotsa 1446 uja n'kumuika pambali, chifukwa kusiyana kwa anthu kunalipo kale mankhwala asanabwere ndipo sikukutiuza kanthu za kusintha kwa mwezi ndi mwezi. Zili ngati wogulitsa nyemba pamsika amene amayamba wayeza beseni lopanda kanthu kuti kulemera kwake kusalowe m'mtengo wa nyembazo. Chotsala ndi 6, amene akagawidwa ndi 6 amapereka 1, ndipo F imakhala 144 kugawa ndi 1, imene ndi 144, kutali kwambiri ndi 5.14 amene amafunika pamenepa. Manambala ndi omwewo, odwala ndi omwewo, koma njira imodzi yapereka 0.89 ndipo ina yapereka 144. Zoonadi manambala enieni a kuchipatala sakhala aukhondo chonchi, koma chimene chitsanzochi chikuonetsa chimachitikadi, ndipo ndicho chifukwa chake kafukufuku woyeza anthu omwewo amatha kupeza yankho ndi anthu ochepa, chinthu chofunika kwa wophunzira amene ndalama za kafukufuku akuchotsa m'thumba mwake.

Cholakwa china chimapita mbali yosiyana, ndipo kwa ine ndicho choopsa kwambiri, chifukwa chimabala nkhani zokoma zimene zimafika mpaka m'nyuzipepala. Tinene kuti wofufuza ali ndi ana 20, ndipo 10 akumwa phala la mtundu wina pamene 10 enawo akumwa la mtundu winanso. Akawayeza kanayi amakhala ndi mizere 80 m'kompyuta mwake. Akafuna kuyerekeza mapala awiriwa n'kuuza kompyuta kuti mizere 80 ija ndi ana 80, umboni wake umaoneka waukulu kuposa mmene ulili. Pa funso lakuti phala liti likuposa linzake, ma degrees of freedom oyenera ndi 18, osati 78, pakuti mwana wonenepa akayezedwa kanayi sasanduka ana anayi onenepa. P-value, nambala imene ikachepa timati kusiyanako si kwa mwangozi, imachepa mwachinyengo, ndipo phala limatamandidwa chifukwa cha ana awiri kapena atatu amene anali aakulu kale ndipo mwamwayi anagwera gulu limodzi. Katswiri wa zachilengedwe Stuart Hurlbert analemba za vuto limeneli mu 1984 n'kulitcha pseudoreplication, ataona kuti linali lofala m'kafukufuku wosindikizidwa kale. Limapezekanso kumunda, pamene mapesi khumi a m'kadimba kamodzi kolandira feteleza awerengedwa ngati madimba khumi.

Ngakhale wophunzira atasankha njira yoyenera, ntchito sinathe, pakuti njirayi ili ndi lamulo lake lotchedwa sphericity, limene ambiri amalidumpha. Lamuloli limafuna kuti tikatenga kusiyana kwa maulendo awiri aliwonse, kaya woyamba ndi wachiwiri, wachiwiri ndi wachitatu, kapena woyamba ndi womaliza, kumwazikana kwa kusiyanako pakati pa anthu kukhale kofanana. Pa miyeso iwiri yokha palibe vuto, chifukwa kusiyana kulipo kumodzi basi. Koma ganizirani za ana oyezedwa mwezi uliwonse kwa theka la chaka. Pakati pa Januwale ndi Febuluwale ana onse amasintha pang'ono, ndipo kusintha kwawo kumayandikana. Pakati pa Januwale ndi Juni wina wadwala malungo, wina wasiya kuyamwa, wina wakula mofulumira, kotero kusintha kwawo kumatalikirana kwambiri. Miyeso yoyandikana m'nthawi imafanana kuposa yotalikirana, ndipo chifukwa cha chimenechi lamuloli limasweka kawirikawiri pa chilichonse chimene chikukula kapena kuchira. Likasweka, nambala ya F imakhala yowolowa manja, ndipo timalengeza kusintha kopanda umboni kangapo kuposa kasanu pa 100 kamene tinavomera poyamba.

Amene amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pakompyuta ya SPSS amaona katebulo kakang'ono kokhala ndi dzina la Mauchly, ndipo pansi pake tebulo lina lokhala ndi mizere inayi yotsatizana: Sphericity Assumed, Greenhouse-Geisser, Huynh-Feldt ndi Lower-bound. Ophunzira ambiri amakopera mzere woyamba chifukwa ndiwo uli pamwamba. John Mauchly anasindikiza njira yake yoyesera lamuloli mu 1940. Koma njira yakeyo siyenera kudaliridwa kotheratu. Anthu akakhala ochepa imalephera kuona vuto limene lilipo, ndipo akakhala ambiri imakuwa ngakhale pa kavuto kosadetsa nkhawa. Chanzeru ndi kuyang'ana nambala yotchedwa epsilon, imene imasonyeza kukula kwa vutolo. Ikakhala 1 zonse zili bwino, ndipo singatsike kuposa 1 kugawa ndi chiwerengero cha maulendo titachotsapo umodzi, kutanthauza 0.5 pa maulendo atatu ndi pafupifupi 0.33 pa maulendo anayi. Samuel Greenhouse ndi Seymour Geisser mu 1959, kenaka Huynh ndi Feldt mu 1976, anapereka njira zoiwerengera, ndipo chimene chimachitika ndi kuchulukitsa ma degrees of freedom ndi epsilon kuti mpanda wodumpha ukwere. M'chitsanzo chathu chija, zinthu zitaipiratu, ma degrees of freedom 2 ndi 6 aja akanasanduka 1 ndi 3, ndipo F ikanayenera kuposa 10.13 m'malo mwa 5.14. Aphunzitsi ambiri amalangiza kutenga mzere wa Greenhouse-Geisser epsilon ikakhala pansi pa 0.75, ndi wa Huynh-Feldt ikakhala pamwamba pake. Ine ndingakonde wophunzira alembe nambala ya epsilon m'lipoti mwake kusiyana n'kungoti lamulo lakwaniritsidwa.

Vuto limene limatikhudza kwambiri kuno ndi la anthu osowa pakati pa kafukufuku. Repeated measures ANOVA imafuna kuti munthu aliyense akhale ndi miyeso yonse, ndipo wina akaphonya ulendo umodzi wokha, mapulogalamu ambiri amamuchotsa yense mwakachetechete, pamodzi ndi miyeso yake ina yonse. Aliyense amene anachitapo kafukufuku kumudzi amadziwa zimene zimachitika. M'dzinja mtsinje umadzaza ndipo amayi a kutsidya safika. Nthawi yopalira ndi yokolola anthu amakhala kumunda. Pachitika maliro, banja lina lasamuka, bambo wina wapita ku Johannesburg kukafuna ganyu. Wofufuza amene anayamba ndi anthu 60 akhoza kutsala ndi 35 okhala ndi miyeso yonse, ndipo funso lalikulu ndi lakuti 25 osowawo ndi otani. Ngati anasiya kubwera chifukwa chakuti mankhwala anawaipira, kapena mwana anagonekedwa m'chipatala, kapena anamwalira, ndiye kuti otsalawo ndi amene zinawayendera bwino, ndipo avareji yawo idzaoneka yokongola ngakhale thandizolo litakhala lopanda ntchito. Palibe mzere wa tebulo umene ungamuchenjeze wofufuza za ichi, koma kungoyang'ana nambala ya anthu imene yalembedwa pakona n'kuiyerekeza ndi ya m'kaundula wake.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri masiku ano amakonda njira zotchedwa mixed models, zimene Nan Laird ndi James Ware anazifotokoza bwino mu 1982. Njirazi zimagwiritsa ntchito miyeso yonse imene ilipo, sizifuna kuti anthu onse ayezedwe tsiku limodzi, ndiponso zimalola kuti miyeso yoyandikana ifanane kuposa yotalikirana. Zimapezeka mu pulogalamu ya R, imene ndi yaulere, komanso mu Stata ndi SPSS momwemo. Nazonso sizingaukitse umboni wa munthu amene anasowa chifukwa cha kudwala kumene sikunalembedwe paliponse, koma zimataya zochepa. Pamene manambala ali a masanjidwe chabe, monga kufunsa munthu kuti aike mitundu itatu ya ufa pa nambala 1, 2 ndi 3 malinga ndi kukoma kwa nsima yake, pali njira ina imene Milton Friedman anaipereka mu 1937. Ndipo pa kafukufuku wa mtundu umenewu wolawitsa, dongosolo la kalawidwe liyenera kusinthidwa munthu ndi munthu, apo ayi mbale yomaliza idzagonja chifukwa chakuti olawawo akhuta, osati chifukwa cha ufa wake.

Pali chinthu chinanso chimene masamu onsewa sangachikonze, ndipo ndikupempha atolankhani achigwiritse. F ya 144 ija ikunena kuti BP inatsika. Sikunena kuti mankhwala ndiwo anaitsitsa. Odwala amalowetsedwa m'kafukufuku chifukwa chakuti tsiku loyamba BP yawo inapezeka pamwamba pa 140, ndipo ena mwa iwo tsikulo anali atayenda mtunda wautali, anali ndi mantha poona namwino, kapena sanagone bwino. Akadzayezedwanso, nambala yawo imabwerera cha kumene imakhala masiku onse ngakhale asanamwe kanthu. Francis Galton anaona khalidwe limeneli la manambala mu 1886 pofufuza msinkhu wa makolo ndi ana awo, ndipo limatchedwa regression to the mean. Limagwiranso ntchito pa ana osankhidwa chifukwa chakuti mkono wawo wapezeka pansi pa masentimita 12.5, kapena pa ophunzira osankhidwa chifukwa chakuti analephera mayeso oyamba. Onjezeraninso nyengo. Kafukufuku wa kulemera kwa ana amene wayamba mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, n'kutha mu Meyi anthu atakolola, adzaonetsa kukwera kaya phala laperekedwa kaya ayi. Ana nawonso amakula okha, ndipo wolemba mayeso omwewo kachitatu amakhoza chifukwa chowazolowera.

Njira yothetsera vutoli ndi gulu lachiwiri loyerekezera nalo, losankhidwa mwamaere, loyezedwa pa masiku omwewo koma losalandira chinthu chatsopanocho. Zikatero funso lenileni silikhalanso lakuti kodi anthu asintha, koma lakuti kodi gulu limodzi lasintha mosiyana ndi linzake. M'tebulo la kompyuta yankho lake lili pa mzere wophatikiza nthawi ndi gulu, uja wotchedwa interaction, ndipo ndi mzere umene ophunzira amaudutsa kawirikawiri pothamangira mzere wa nthawi umene uli ndi p-value yaing'ono yosangalatsa. Chitsanzo chotchuka m'mabuku ndi cha Potthoff ndi Roy cha mu 1964, cha atsikana 11 ndi anyamata 16 amene anayezedwa mtunda wina wa m'mutu mogwirizana ndi chibwano ali ndi zaka 8, 10, 12 ndi 14. Palibe amene anadabwa kuti anawo akukula. Chofunika kudziwa chinali chakuti kodi anyamata ndi atsikana akukula pa liwiro lofanana.

Choncho, Akonzi, mtolankhani wanu akalandira chikalata cha bungwe chonena kuti pulogalamu yawo yakweza kulemera kwa ana kapena yatsitsa BP ya odwala, asachite manyazi kufunsa kuti anthu amene anayamba anali angati ndipo amene anafika kumapeto ndi angati, pakuti nambala yaikulu yolembedwa pamutu pa chikalatacho nthawi zina imakhala ya miyeso, osati ya anthu. Afunsenso ngati panali gulu loyerekezera nalo, komanso miyezi imene kafukufukuyo anayamba ndi kutha. Ndipo akauzidwa kuti kusinthako ndi kotsimikizika mwa masamu, afunse kuti ndi makilogalamu angati, chifukwa F imangonena kuti pena pake pakati pa maulendowo pali kusiyana, osatchula kuti ndi pati kapena kuti n'kwakukulu motani. Kusiyana kwa magalamu 50 kukhoza kutsimikizika ndi masamu ana akakhala ambiri, koma namwino sangasinthe nako kanthu.

Kwa aphunzitsi anzanga, pempho langa ndi lakuti wophunzira asaloledwe kutsegula SPSS kapena R asanawerengere pamanja tebulo laling'ono longa la odwala anayi lija, kufikira ataona yekha kumene 1446 wapita. Pamene akuteteza lipoti lake, afunsidwe kuti ajambule mzere wa munthu aliyense payekha pa galafu imodzi, osati avareji yokha, pakuti pamenepo ndi pamene zimaonekera ngati anthu onse akuyenda mbali imodzi, kapena ngati theka likukwera pamene theka lina likutsika, komanso ngati mizere ina yadukira panjira mu Januwale.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wa masamu,
Zomba